Valavu Ili Pati? Ampulifaya ya Gitala ya Haibulidi ndi ya Mavalavu Okhaokha

Pa zipangizo zamagetsi zimene zikupangidwa masiku ano, ampulifaya ya gitala ndi imodzi mwa zochepa zimene zikudalirabe valavu. Wailesi, TV ndi kompyuta zinaitaya kalekale. Valavu ndi kababu kagalasi kopanda mpweya mkati mwake, ndipo kamayamba katentha kaye kuti kagwire ntchito. John Ambrose Fleming anapanga yoyamba ku London mu 1904, kenako mu 1906 Lee de Forest wa ku America anaikamo kawaya kachitatu, kamene kanadzachititsa kuti valavu izitha kukuza mawu. Tiranzisita itatulukira ku Bell Labs mu 1947, anthu a zamagetsi anaona kuti valavu yatha ntchito, popeza chatsopanocho chinali chaching'ono, chosatentha kwambiri, ndipo m'kupita kwa zaka chinatsika mtengo zedi. Oimba gitala ndiwo anakakamira. Mpaka lero ambiri a iwo amati ampulifaya yeniyeni ndi ya mavalavu okhaokha, ndipo ya haibulidi, imene imaphatikiza valavu ndi matiranzisita, amaiona ngati ya munthu amene ndalama zinamuperewera. Maganizo amenewa ali ndi pogwira, koma afika poposa umboni wake. Dzina lolembedwa pa katoni silinena zambiri. Chofunika kufunsa n'chakuti valavuyo ili pa malo ati m'kati mwa ampulifaya, ndiponso ngati woimbayo adzaipanikize mokwanira kuti imveke.

Mphamvu imene imachoka pa pickup ya gitala ndi yochepetsetsa, nthawi zambiri siifika ndi volti imodzi yomwe, moti singagwedeze sipika. N'chifukwa chake ampulifaya ili ndi magawo awiri. Gawo loyamba, preamp, limalandira kamphamvu kameneka, kukakuza ndi kukakonza kamvekedwe kake. Mabatani a bass, middle ndi treble amakhala kumeneku. Valavu yotchuka ya gawoli ndi 12AX7, imene ku Ulaya amaitcha ECC83, yaing'ono ngati chala chachikulu, ndipo m'galasi limodzi muli mavalavu awiri. Gawo lachiwiri ndi la mphamvu, lokankha sipika. Muno mumakhala mavalavu akuluakulu: 6L6 ndi 6V6 m'maampulifaya a Fender, EL34 mwa Marshall, EL84 mwa Vox AC30. Amenewa amagwira ntchito pa mavolti 300 mpaka 500, pomwe sipika imafuna mavolti ochepa ndi magetsi oyenda ambiri. Choncho pakati pawo pamaikidwa thiransifoma yolemera yachitsulo yoti igwirizanitse ziwirizi. Tiranzisita siifuna thiransifoma yotere, imalumikizidwa ku sipika mwachindunji, ndipo apa m'pamene pagona kusiyana kwakukulu kwa kulemera ndi mtengo.

Ampulifaya ikamaimba motsitsa, isanafike pa malire a mphamvu zake, ya valavu ndi ya tiranzisita yopangidwa bwino zimasiyana pang'ono kwambiri. Nkhani imayamba ikapanikizidwa. Valavu imafika pa malire ake pang'onopang'ono: nsonga za mafunde a mawu zimayamba kuphwatalala mofewa, mawu amanenepa, amasasa, ndipo amakhalitsa asanazilale. Ampulifaya wamba ya matiranzisita imakhala yosalala mpaka pamapeto penipeni, kenako n'kudula nsongazo mwadzidzidzi, mawu n'kutuluka okanda m'khutu. Leo Fender, mwini kampani ya Fender, sankafuna kusasa kwa valavu kuja; ankapangira oimba nyimbo za country amene ankafuna mawu oyera ndi okwera. Anyamata a blues ndi rock ndiwo anapeza kuti vutolo n'lokoma. Jim Marshall, amene anali ndi sitolo ya zoimbira ku Hanwell mu London, anatengera mapangidwe a Fender Bassman popanga JTM45 yake mu 1962, ndipo kamvekedwe ka rock ya ku Britain kanamera pamenepo. Kampani ya Fender itagulidwa ndi CBS mu 1965, inatulutsa maampulifaya a matiranzisita okhaokha mu 1966. Oimba anawakana, ndipo patapita zaka zochepa anasiya kupangidwa. Mbiri yoipa ya tiranzisita pakati pa oimba gitala inachokera m'zaka zimenezo, pa makina oyambirira amene anali asanakhwime.

Pali chifukwa china chimene chimabwerezedwa paliponse, chakuti valavu imatulutsa ma harmonic okoma pomwe tiranzisita imatulutsa owawa. Ma harmonic ndi timawu tapamwamba totsagana ndi liwu lenileni. Lachiwiri limakhala liwu lomwelo pa okitevu yapamwamba, choncho limagwirizana nalo; lachitatu, lachisanu ndi ena osagawika pawiri akachuluka amawawitsa mawu. Mu 1973 Russell Hamm analemba za nkhaniyi m'magazini ya Audio Engineering Society, atayeza zokuzira mawu a maikolofoni zopanikizidwa kupitirira malire, ndipo anapeza kuti mavalavu ang'onoang'ono amatulutsa harmonic yachiwiri yamphamvu. Zimenezi n'zoona pa preamp, ndiponso pa ampulifaya yaing'ono ya valavu imodzi ya mphamvu monga Fender Champ ya mawati 5. Koma pafupifupi maampulifaya onse akuluakulu ali ndi mavalavu a mphamvu awiriawiri ogwira ntchito mosinthana, ina ikukankha inzake ikukoka, ndipo kalumikizidwe kameneka kamafafaniza ma harmonic ogawika pawiri opangidwa m'gawo limenelo. Marshall ya mawati 100 ikamabangula, gawo lake la mphamvu likutulutsa makamaka aja amati ndi owawa. Ngati ubwino wa valavu ukanakhala harmonic yachiwiri yokha, haibulidi yokhala ndi 12AX7 kutsogolo ikanathetsa mkanganowu kalekale.

Chimene gawo la mphamvu la mavalavu lili nacho chokha n'chosiyana ndi zimenezo, ndipo chilipodi. Choyamba, silimanga sipika mwamphamvu. Sipika siikana magetsi mofanana pa mawu onse: ngakhale italembedwa kuti ndi ya ma ohm 8, kukana kwake kumakwera kwambiri pa mawu a pansi pamene imanjenjemera mwachibadwa, n'kukweranso pa mawu apamwamba. Ampulifaya wamba ya tiranzisita imapereka mavolti ofanana mosasamala za kusinthaku. Ya valavu imatsatira sipika, mavolti ake amakwera pamene kukanako kwakwera, motero pansi pamamveka kugunda ndipo pamwamba pamawala. Vox AC30, yomwe ilibe njira yobwezera mawu m'mbuyo kuti adziwongole, imachita zimenezi kuposa ambiri. Chachiwiri ndi thiransifoma ija, imene ikadzazidwa imawonjezera kunenepa kwake. Chachitatu ndi kufooka kwa kanthawi: woimba akamenya zingwe mwamphamvu, mavalavu amakoka magetsi ambiri, mavolti amatsika pang'ono, kenako n'kubwerera. Liwu limayamba lofinyika, kenako limatukumuka. Oimba akamati ampulifaya ikupuma kapena ikuyankha zala, nthawi zambiri akunena zinthu zitatuzi.

Tsono haibulidi ilipo mitundu iwiri, ndipo ndi yotsutsana. Mtundu woyamba uli ndi preamp ya matiranzisita ndi gawo la mphamvu la mavalavu. Umu ndi mmene kampani ya Music Man, ya Tom Walker, Forrest White ndi Leo Fender mwiniwake, inapangira maampulifaya ake kuyambira mu 1974. HD-130 yawo inali ndi mavalavu anayi a mphamvu, ndipo Eric Clapton anaimbira maampulifaya a kampaniyi m'zaka za m'ma 1970, monganso Johnny Winter ndi Joe Strummer wa The Clash. Peavey ya ku Meridian, m'boma la Mississippi, inachitanso chimodzimodzi pa Deuce ndi Mace, ndipo Mace ndi imene oimba magitala a Lynyrd Skynyrd ankakwera nayo pa siteji. Ampulifaya yotere ili ndi zonse zitatu zija, komanso ili ndi kulemera konse ndi ndalama zonse zosinthira mavalavu. Mtundu wachiwiri ndi wotembenuza: valavu imodzi mu preamp, matiranzisita ku mphamvu. Marshall anautchukitsa ndi Valvestate mu 1991, ndipo Orange Micro Terror, ya mawati 20 koma yosakwana kilogalamu imodzi, ndi ya banja lomweli. Pali enanso apakatikati, monga Vox Valvetronix ya mu 2001, imene imayamba ndi kompyuta yotsanzira mawu, kenako 12AX7 yolumikizidwa ngati kagawo ka mphamvu kakang'ono, matiranzisita n'kudzakuza zotuluka pamenepo. Kuika HD-130 ndi Micro Terror m'gulu limodzi n'kuziweruza pamodzi kulibe nzeru. Sizifanana pa kamvekedwe, pa kulemera, ngakhale pa zimene zimawonongeka.

Mbali ya mavalavu okhaokha nayonso si yoyera monga imadzitamira. Ampulifaya iliyonse imayenera kusandutsa magetsi a pakhoma kukhala oyenda mbali imodzi. Zakale zinkachita zimenezi ndi valavu ina, monga GZ34, imene imathandizira kufooka kwa kanthawi kuja. Koma Fender Twin Reverb ya mu 1963 ndi Marshall Super Lead ya mawati 100, zomwe palibe amene amazikayikira, zimagwiritsa ntchito ma diode a silikoni pa ntchitoyi. Marshall Silver Jubilee ya mu 1987, imene Slash wa Guns N' Roses anaikonda mpaka kampaniyo inadzamupangira yakeyake yotengera yomweyo, imadula nsonga za mawu ndi ma diode mu preamp. Mitundu ya JCM900 ya mu 1990 yokhala ndi ma channel awiri ili ndi ma diode ndi ma IC, tizipangizo todzaza ndi matiranzisita, m'njira ya mawu. Ndiye pali mapedulo opondedwa pansi. Fuzz Face ya Jimi Hendrix inali ya matiranzisita awiri. Rangemaster, imene Tony Iommi, Rory Gallagher ndi Brian May anaika kutsogolo kwa maampulifaya awo, inali ya tiranzisita imodzi yokha. Tube Screamer ya Stevie Ray Vaughan, ngakhale dzina lake likutchula valavu, mkati mwake muli IC ndi ma diode awiri. Aliyense wa oimba amenewa anali ndi tiranzisita kutsogolo, mavalavu kumbuyo, zomwe ndi haibulidi ya mtundu woyamba yogawidwa m'mabokosi awiri. Kusasa kwa magitala a Zamrock ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, kwa Paul Ngozi ndi gulu la WITCH, nakonso kunali kwa mapedulo a fuzz. Ndipo magitala ambiri osanjikizana a Brian May pa nyimbo za Queen anajambulidwa ndi kaampulifaya ka matiranzisita kamene John Deacon wa m'gulu lomwelo anapanga kuchokera ku zinthu zotoledwa pa zinyalala. Makutu a anthu okonda mavalavu akhala akusangalala ndi tiranzisita kwa zaka zoposa 50, mwina osadziwa.

Funso lotsala ndi la haibulidi ya mtundu wachiwiri, popeza ndi imene yadzaza m'masitolo. Imasowa zitatu zija. Nanga kusowako kumamveka liti? Thiransifoma imadzaza ndipo mavolti amafooka pokhapokha gawo la mphamvu likakankhidwa pafupi ndi malire ake. Pa ampulifaya ya mawati 50 kapena 100, malire amenewo ali pa phokoso limene palibe mpingo, malo achisangalalo kapena mwini nyumba angalole kwa nthawi yaitali. Mawati amanamiza: kuwirikiza mphamvu kawiri kumangowonjezera ma decibel 3, ndipo kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri pamafunika mphamvu yochuluka kakhumi. Ya mawati 10 imamveka ngati theka la ya mawati 100, ndipo ngakhale imeneyo ikatsegulidwa yonse m'chipinda, anthu oyandikana nawo amabwera kudzagogoda. Opanga anazindikira vutoli kale. Randall Smith wa Mesa Boogie anasanjikiza magawo a preamp kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo pakati pa zaka zomwezo Marshall anaika batani la master volume, kuti kusasa kupangidwe mu preamp, phokoso n'kutsitsidwa lisanafike ku mavalavu akuluakulu. Chiyambire pamenepo, nyimbo zambiri za rock yolemera ndi metal zimadalira preamp, ndipo oimba ake amafuna gawo la mphamvu lolimba, losafooka, kuti mawu a pansi asamwazike akamaimba mothamanga. Si zodabwitsa kuti Chuck Schuldiner wa gulu la Death ankaimbira Valvestate 8100, ndipo Dimebag Darrell wa Pantera anatchuka ndi ampulifaya ya matiranzisita okhaokha ya kampani ina yotchedwa Randall. Munthu amene wagula mavalavu anayi a EL34 koma batani lake limangokhala pa 2 walipirira chinthu chimene sachimva.

Wotsutsa anganene kuti valavu imodzi ya mu haibulidi ndi ya chionetsero chabe. Nthawi zina akunena zoona. 12AX7 inapangidwira mavolti 150 mpaka 300, koma zipangizo zina zotchipa zimaipatsa mavolti makumi ochepa okha, kuti zipewe ndalama za magetsi okwera. Valavu yanjala yotero imasasa msanga, koma si kusasa kwa preamp ya Fender kapena Marshall. Opanga ena amafika poika kababu kofiirira kuseri kwa galasi kuti wogula aone ngati valavu ikuyaka mwamphamvu. Uku n'kunyenga maso, ndipo m'pake kuti oimba amanyansidwa nako. Komabe cholakwacho n'cha wopanga amene wachita umbombo, osati cha kuphatikiza valavu ndi tiranzisita. Kumene valavu yapatsidwa mavolti oyenera, n'kuikidwa pamene kusasa kumapangidwira, imagwira ntchito yofanana ndi inzake ya mu ampulifaya yodula. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: kutsitsa voliyumu ya pa gitala pomwe, n'kumva ngati mawu akuyera pang'onopang'ono kapena akungochepa ali chisasire.

Enanso amati mawati a valavu ndi amphamvu kuposa a tiranzisita, kuti AC30 ya mawati 30 imamiza haibulidi ya mawati 50. Zimachitikadi, koma wati ndi wati. Ampulifaya ya valavu imapitirira mphamvu yake yolembedwa ikumvekabe bwino, pomwe ya tiranzisita imayenera kuima isanafike pa malire. Chifukwa china, chimene ambiri sachiganizira, ndi sipika. Celestion Vintage 30 imatulutsa ma decibel 100 pa wati imodzi. Sipika yotchipa ikaperewera ndi ma decibel 3 okha, ndiye kuti theka la mphamvu za ampulifaya lapita pachabe. Popeza haibulidi imapangidwira ogula a ndalama zochepa, opanga amaumira pa sipika ndi pa matabwa a bokosi lake. Nthawi zambiri anthu akamayerekeza ziwirizi m'sitolo, chimene akumva ndi kusiyana kwa sipika yabwino ndi yoipa, mlandu n'kugwera tiranzisita. Sipika ya gitala ndiyonso imadula mawu opitirira pafupifupi ma hertz 5,000, kumene kukanda kwambiri kumakhala. Haibulidi yaing'ono ikalumikizidwa ku bokosi la masipika abwino, kusiyana kuja kumachepa modabwitsa.

Za kuyankha zala, yankho lake ndi lapakati. Kutsatira sipika kuja kumatheka kutsanziridwa ndi matiranzisita, ndipo Valvestate ndi TransTube ya Peavey zinayesa zimenezo m'zaka za m'ma 1990. Kutsanzirako kumafika pafupi koma sikufika penipeni, ndipo woimba wa blues amene luso lake lonse lili pa malire a mawu oyera ndi osasa, amene amakhudza zingwe mofewa kenako n'kuzimenya, amakumva kusiyanako m'manja ngakhale omvera asakumve. Munthu ameneyu sakudzinamiza, ndipo ngati chida chimupangitsa kuimba bwino, omvera nawonso apindula.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse si cha mawu konse, n'cha kukonzeka. Fender ya m'zaka za m'ma 1960 ili ndi zipangizo zochepa, zikuluzikulu, zolumikizidwa ndi manja, ndipo mmisiri waluso angaikonze mpaka kalekale. Haibulidi yamakono ili ndi tizipangizo tating'onoting'ono tomatidwa ndi makina, mwinanso IC imene ikasiya kupangidwa, ampulifayayo yatha. N'chifukwa chake ya mavalavu imasunga mtengo ikamagulitsidwanso pomwe haibulidi imatsika msanga. Koma apanso m'pofunika kuona zonse. Maampulifaya ambiri a mavalavu otsika mtengo a masiku ano nawonso amamangidwa pa mabolodi a makina. Mavalavu a mphamvu amatha, amasinthidwa awiriawiri kapena anayianayi ofanana mphamvu, ndipo pa maampulifaya ambiri mmisiri amayenera kuyeza ndi kukonza bias, kuchuluka kwa magetsi oyenda m'mavalavuwo, akatha kusintha. Ampulifaya yotere ikaimbidwa popanda sipika, thiransifoma ikhoza kupsa. Ma capacitor ake amasunga mavolti okhoza kupha munthu ngakhale itazimitsidwa. Ndipo mafakitale opanga mavalavu atsala owerengeka: JJ Electronic ku Čadca m'dziko la Slovakia, fakitale ya ku Saratov ku Russia ya Mike Matthews wa Electro-Harmonix, imene imapanga mavalavu a Sovtek ndi Tung-Sol, ndi ochepa a ku China. Mu Malichi 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba ndipo katundu wochokera ku Russia atavuta kutuluka, mavalavu anasowa m'masitolo ndipo mitengo inakwera kwambiri. Kwa woimba wa ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, amene valavu iliyonse ayenera kuitanitsa kunja, amene amisiri omuzungulira anazolowera matiranzisita ndi ma IC, amene zida zake zimayenda pa lole m'misewu ya mabampu n'kukaimbira pa jenereta, kukonzeka kuja kumatembenuka. Twin Reverb imalemera makilogalamu pafupifupi 29, ndipo mkati mwake muli magalasi khumi. Haibulidi ya mtundu wachiwiri ili ndi valavu imodzi yaing'ono imene imakhala zaka zambiri ndipo imasinthidwa ndi dzanja popanda kuyeza chilichonse.

Nyimbo zimene zimaimbidwa ndi mawu oyera zilibe nawo kwenikweni mkanganowu. Gitala ya rumba, ya sungura, ya reggae, ya jazz ndi ya nyimbo zambiri zauzimu imafuna liwu lililonse limveke palokha, lowala, losasasa ngakhale ng'oma zitakwera. Pamenepa malire otalikira a tiranzisita ndi mwayi. Roland JC-120 ya mu 1975, yopanda valavu ndi imodzi yomwe, ikupangidwabe chifukwa cha ntchito imeneyi, ndipo B.B. King anayenda zaka zambiri ndi Lab Series L5 ya matiranzisita. Amene ndalama za mavalavu okhaokha zimamubwerera ndi uja wofuna kusasa kwa gawo la mphamvu, ndipo iyeyo sayenera kugula yaikulu. Yomuyenera ndi ya mawati 5 mpaka 15, ya 6V6 kapena EL84, imene angaitsegule mpaka ifooke popanda kugonthetsa anthu, maikolofoni n'kuikidwa kutsogolo kwa sipika kuti mikisa ikuze zotsalazo. Ngakhale pamenepa haibulidi ya mtundu woyamba ili ndi malo: Fender Super Champ XD ya mawati 15 inaika kompyuta yotsanzira mawu kutsogolo, mavalavu awiri a 6V6 ndi thiransifoma yake kumbuyo, ndipo inkagulitsidwa pa mtengo wotsikirapo kuposa Princeton Reverb ya mavalavu okhaokha, imene gawo lake la mphamvu lili ndi ma 6V6 awiri omwewo.